Sewero la nyumba ya mabwana ndinalionera pakhomo lakuseri

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzipepala yanu ndiyankhe bambo uja analemba masabata apitawa kuyamikira sewero la pa kanema la ku Mangalande lotchedwa Downton Abbey. Anandiwerengera ndi mdzukulu wanga pa foni yake, poti kuno ku Harare nyuzipepala yanu timaiona pa intaneti basi, komanso maso anga tizilembo ting'onoting'ono anasiya kutiona bwino. Bamboyo anati achinyamata a lero aonere seweroli kuti aphunzire ulemu, aone mmene wantchito ankadziwira malo ake, bwana n'kumamusamala ngati mwana wa m'nyumba. Anatinso masiku amenewo dziko linali ndi dongosolo. Sindikuwadziwa bambowo ndipo sindikufuna kuwachita chipongwe. Koma usiku umenewo tulo sindinatione, ndiye ndati ndilembe. Chichewa changa ndi chomwe bambo anga anachoka nacho ku Dedza mu 1951, mukapezamo mawu achikale kapena Chishona chitalowerera mundikhululukire.

Ndine mayi wa zaka 66, ndimakhala ku Mabvuku. Ndinabadwira pa famu ya fodya cha ku Goromonzi, m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini ya mzungu, komwe bambo anga anaphika zaka 50. Inenso ndagwira ntchito ya m'nyumba zaka zoposa 30 m'mayadi a ku Highlands ndi ku Borrowdale. Choncho za mabelu, mathebulo ndi zitseko zakuseri sindinazimve kwa munthu.

Seweroli ndinalionera lonse, zigawo zisanu ndi chimodzi, pa laputopu ya mdzukulu wangayo, magetsi akalola. Ndivomere msangamsanga kuti ndi lokoma. Ndinalira pamene mnyamata woperekera zakudya uja anabwera ku nkhondo atavulala n'kukwatira ali pa bedi la imfa. Gogo wolusa uja, yemwe ankaseweredwa ndi malemu Maggie Smith, ankandikumbutsa azakhali ena a kumpingo kwathu omwe akakuyamikira umafika kunyumba usanazindikire kuti akutukwana. Moti amene akufuna kusangalala aonere ndithu. Chomwe ndikukana n'choti tizilitenga ngati buku lophunzitsira ana athu khalidwe.

Kwa amene sanalione, nkhani yake imayamba mu Epulo 1912, m'mawa womwe uthenga unafika woti sitima ya Titanic yamira. M'sitimamo munali wachibale yemwe amayenera kulowa ufumu wa banjalo ndi kutenga nyumba, minda ndi chuma chonse. Mwini nyumba, Lord Grantham, ali ndi ana atatu, onse aakazi, ndipo lamulo la cholowa cha nyumbayo silikulola mwana wamkazi kutenga kanthu. Ngakhale ndalama zomwe mkazi wake anabwera nazo kuchokera ku America zinamangidwira kumodzi ndi nyumbayo. Ndiye akukasaka msuweni wakutali, loya wa ku Manchester yemwe sanamuonepo, kuti ndiye adzadye zonse. Kuchokera apo zaka zikuyenda mpaka kumapeto kwa 1925: nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ikusandutsa nyumbayo malo ochiriramo asilikali, foni ikulowa, wayilesi ikulowa, mwana wamng'ono wa bwana akukwatiwa ndi dalaivala wa bambo ake, msonkho wa chuma cha masiye ukuluma, antchito akucheperachepera.

Pa nkhani ya cholowayo ndinaseka mpaka mdzukulu wanga anaimitsa kanema. Ndinati, kwathu ku Dedza atsikana atatu amenewa ndiye mbumba, ndiye mudzi weniweniwo! Munda ndi wa mayi, umatsikira kwa ana aakazi, mwamuna amabwera kudzakhala chikamwini, ndipo ufumu umapita kwa mwana wa mlongo wake wa mfumu. Bwana uja akanakhala Mchewa bwenzi sewero litathera pa gawo loyamba. Koma kuseka kwanga sikunapite patali, chifukwa malamulo a cholowa anandichita ine zoposa zimene anamuchita Lady Mary, mwana wamkulu wa bwana uja.

Mayi anga anali Mzezuru wa ku Murewa. Kwa Ashona mwana ndi wa bambo, amatenga mtupo, kapena kuti chiwongo, wa bambo, ndipo mudzi wake ndi kwa bambo. Kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, womuyang'anira ndi atsibweni ake. Ndiye taonani: ku Murewa amatiuza kuti kwanu ndi ku Nyasalande, kwa bambo anu. Ku Dedza, nditapitako kamodzi kokha mu 1987, anandilandira bwino, anandiphera nkhuku, koma nditafunsa za malo anandiyankha mwaulemu kuti mwana wa mwamuna ndi mlendo, kwanu ndi kwa mayi anu. Miyambo iwiri, yonse yabwino kwa eni ake, inakumana pa ine n'kundisiya pa msewu. Lady Mary atamanidwa nyumba anangokwatiwa ndi msuweni uja, nkhani n'kutha. Ine ndikanakwatiwa ndi yani kuti ndipeze dimba?

Tsopano za bambo anga. Anabwera kuno ali ndi zaka 19, kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, n'kukwera malole aulere aja omwe ankatuta anthu a ku Nyasalande kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya Southern Rhodesia. Ankati adzakhala zaka ziwiri, agule njinga ndi makina osokera, abwerere. Anayamba ndi kupalira fodya, kenako adona a pafamupo anaona kuti mnyamatayu ndi waukhondo, n'kumulowetsa m'khitchini. Anamupatsa dzina lachizungu losavuta kutchula, lomwe sindilemba pano chifukwa silinali lawo. Dzina lawo lenileni banja limenelo silinalitchulepo zaka 50 zonsezo, ndipo ndikukayika ngati ankalidziwa.

Nyumbayo sinali yaikulu ngati ya m'sewero, koma kwa ife inali chinyumba. Inali ndi khonde kuzungulira mbali zitatu, kapinga wothiriridwa ngakhale m'chilimwe, bwalo la tenesi, ndi mitengo ya jakaranda kuyambira pa geti. Pa thebulo lodyera panali kabelu ka mkuwa pafupi ndi dzanja la adona. Ndikamva mabelu a m'sewero muja akulira pa bolodi la antchito, msana wanga umazizira, chifukwa ndimaona bambo anga akusiya nsima ili m'manja, kupukuta zala pa epuloni, kuthamanga. Ankavala yunifolomu yoyera yokhuthala ndi sitachi, ndi matenesi oyera omwe ankawapaka usiku uliwonse. Ankadziwa kuotcha mwendo wa nkhosa, kuphika pudini ya Khirisimasi mwezi wathunthu tsiku lisanafike, kuumba buledi wa m'mawa uliwonse pa chitofu cha nkhuni. Koma kapu yawo yomwera tiyi inali ya chitini, yopachikidwa pa msomali kunja kwa chitseko cha khitchini, kuti isasakanikirane ndi za m'nyumba. Manja omwe ankakanda buledi wa banja lonse anali oyera mokwanira, koma milomo yawo ayi. Phoso lathu linali ufa, nyemba, mchere, ndi nyama ija m'mabutchala ankaitcha ya maboyi, mafupa ndi mitsempha.

M'sewero muja antchito amadyera pa thebulo lawo lalitali, mkulu wawo Carson atakhala kumutu, aliyense akutchulidwa dzina lake ndi ulemu wake. Wophika ndi Mrs Patmore, ndipo maso ake atachita ng'ala bwana akumutumiza ku London kukachitidwa opaleshoni. Mwina zoterezi zinkachitikadi m'nyumba zina. Koma tisaiwale kuti wolemba seweroli, Julian Fellowes, ndi wa m'chipinda chapamwamba iye mwini, amakhala m'Nyumba ya Malodi ya ku Britain. Nkhani ya fisi ikamafotokozedwa ndi fisi, mbuzi zimaoneka zokhuta ndi zosangalala.

Ndisanamizire anthu omwe sangadziyankhire. Banja lomwe bambo ankaligwirira ntchito silinali la nkhanza monga ena omwe tinkawamva. Sankamenya. Nditapsa ndi phala ndili ndi zaka zinayi, adona ananditengera okha kuchipatala pa galimoto lawo usiku, chipsera chake ndili nacho pa mkono mpaka lero. Anandilipirira sukulu mpaka Giredi 7. Madiresi omwe mwana wawo wamkazi anasiya ndinkavala ine, ndipo ine ndi iyeyo tinkasewera limodzi kuseri kwa zigafa mpaka tsiku lomwe anapita ku sukulu yogonera komweko. Atabwera pa holide anandipatsa moni ataima patali, ndipo ine ndinadziwa ndekha kuti tsopano ndizimutchula kuti adona aang'ono. Palibe anandiuza. Limenelo ndiye dongosolo lomwe bambo wa m'nyuzipepala uja akulisowa, limalowa m'mafupa a mwana popanda womuphunzitsa.

Ndipo chondipweteka n'choti bambo anga akanakhala moyo bwenzi akugwirizana naye. Ankalinyadira banja lija. Ankati "kwathu" akunena pafamupo. Mwana wamwamuna wa bwana atapita ku nkhondo yolimbirana ufulu wa dziko lino ya m'ma 1970, bambo ankamupempherera usiku uliwonse, pamene ana a alongo awo a mayi anga anali m'tchire mbali inayo ya nkhondo yomweyo. Carson ndikamamuona akuteteza ulemu wa nyumba kuposa eni ake, ndimaona bambo anga, ndipo sindidziwa ngati ndiseke kapena ndilire.

Koma pali kusiyana kumodzi komwe ndikufuna owerenga akuone, chifukwa ndi pomwe pagona nkhani yanga. M'sewero muja chitseko chotulukira chilipo. Mtsikana wokonza m'zipinda akuphunzira kutayipa mobisa n'kukapeza ntchito ya ulembi. Mnyamata wina akupita kukaphunzira zophikaphika ku hotela ya Ritz ku London. Wina akusanduka mphunzitsi. Wophika uja akugula kanyumba kake koti azilandiriramo alendo. Carson akukalamba ali ndi nyumba pa malo a bwana. Ndipo zimenezi sizongopeka zonse: nkhondo ija isanayambe antchito a m'nyumba ku England anali oposa miliyoni imodzi, koma mafakitale, masitolo ndi maofesi atatseguka ambiri sanabwererenso ku mabelu. Mu 1918 amuna onse a zaka 21 analandira voti, wantchito chimodzimodzi bwana wake, ndipo pofika 1928 akazi nawo anafanana nawo. Nyumba zikuluzikulu zinagwa, mwa zina, chifukwa antchito anapeza kopita.

Bambo anga akanapita kuti? Kuno ku Southern Rhodesia lamulo la mabwana ndi antchito la 1901 linkati kuthawa ntchito ndi mlandu wa kupolisi. Lamulo logawa malo la 1930 linapereka pafupifupi theka la dziko kwa azungu, moti ngakhale akanasunga ndalama zotani sakanagula nyumba pafupi ndi pomwe ankagwira ntchito. Kumalo osungira anthu akuda nako kunali kwa eni nthaka, kwa mafumu a Chishona, iwo anali mlendo. Kuyenda kunkafuna chitupa. Ku Dedza, zaka ziwiri zija zitasanduka khumi, khumi n'kusanduka makumi awiri, anachita manyazi kubwerera chimanjamanja, ndipo kumudzi anayamba kuwawerengera m'gulu la matchona. Ulemu umene mlendo ankauona pa thebulo paja, bambo ataima chilili kumbuyo kwa mpando ndi mbale ya mbatata, theka lake unali ulemu weniweni wa munthu woleredwa bwino. Theka linalo anali mantha a munthu yemwe akachotsedwa ntchito lero, mawa alibe denga, alibe munda, alibe dziko.

Kusintha kunabwera, inde. Mu 1980 bambo anavota koyamba, anavala jekete. Mu 1982 Salisbury inasanduka Harare. Kapu ya chitini ija inachoka pa msomali, adona anawapatsa kapu yadothi yothyoka chogwirira. Malipiro anakwerako boma litaika malire a malipiro otsikitsitsa. Kenako inafika 2000, mafamu anayamba kulandidwa. Za chilungamo cha nkhani ya malo sindilowamo, abale a mayi anga anafera nthaka imeneyo ndipo ndikudziwa mmene inatengedwera poyamba. Ndikungonena zomwe ndinaona ndi maso. Mu 2002 banja lija linalongedza n'kupita ku Australia, komwe mwana wawo anali atakhazikika kale. Iwo anali ndi kopita. Analira potsanzikana, misozi yeniyeni. Anawasiyira bambo wotchi ya pakhoma, kalata yowachitira umboni kuti ndi wophika wokhulupirika, ndi ndalama zomwe lamulo linkati antchito a m'mafamu alipidwe. Kalata ya umboni kwa nkhalamba ya zaka 70! Mwini watsopano, munthu wakuda ngati ife, anati alibe ntchito ndi wophika zachizungu ndipo chipinda chija akufuna kusungiramo feteleza. Pogawa minda anthu a kukomboni ambiri sanaganiziridwe, ankati ndi mabhurandaya, ndiye kuti a ku Blantyre, anthu opanda mtupo, apite kwawo.

Ndinawatenga bambo kudzakhala nafe ku Mabvuku. Malemu amuna anga, omwenso makolo awo anachokera ku Ntcheu, anawamangira kanyumba ka matabwa kuseri. M'nyengo yozizira ya 2005, pamene tinyumba takuseri tinkagwetsedwa m'Harare monse, tinakaphwasula tokha ndi manja athu tisanauzidwe kawiri, bambo n'kumagona pabalaza. Ndalama zija zinasungunuka ndi kukwera mitengo kwa 2008, pamene tinkanyamula mabiliyoni m'thumba osakwana buledi. Anamwalira mu 2009. Anaikidwa kuno ku Mabvuku ndi bungwe lathu la maliro la anthu a ku Malawi, lomwe ankasonkhako mokhulupirika kuyambira kale, ndipo nyimbo zinali za Chichewa za mpingo wa CCAP. Wotchi ija ilipo, ikuyendabe, imachedwa mphindi zisanu pa tsiku.

Pa nthawi yomweyo nanenso ndinauzidwa kuti sindine wa kuno. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, aliyense yemwe kholo lake linabadwira kunja anayenera kukana unzika wa dziko linalo. Ndinakaima pa mzere ku ofesi ina masiku atatu kuti ndikane dziko lomwe ndinaliponda kamodzi kokha, mapepala osatheka, ndipo chitupa changa chinakhala cholembedwa kuti ndine mlendo. Zinakonzeka ndi malamulo aakulu a dziko a 2013, omwe anati wobadwira kuno kwa kholo la m'maiko a SADC ndi nzika. Ndinali ndi zaka 54. Mtundu wathu wamanga malokesheni a Harare monga Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa, Tafara, gule wamkulu amavinidwa kuno Loweruka ngati ku Dedza komwe, koma panatenga zaka zonsezo kuti pepala livomere.

Mwina wina anena kuti zonsezi ndi za azungu, zinapita. Ayi ndithu. Mayadi a ku Borrowdale omwe ndagwiramo ntchito, ambiri eni ake anali akuda, ena opemphera kwambiri. Kanyumba ka wantchito kali pomwe kanali, kuseri, pafupi ndi pomwe amataya zinyalala. Kabelu kanasanduka foni, amakuimbira ali m'chipinda chapamwamba kuti ubweretse madzi. M'nyumba ina ndinapeza kapu yanga yaikidwa payokha pansi pa sinki, pamodzi ndi sopo wa mbale. Madamu ake anali wamng'ono kwa mwana wanga woyamba, koma ankanditchula dzina langa loyamba ngati tinavinidwa limodzi, pomwe ine ndinkati amayi. Analiponso abwino, mmodzi mpaka lero amanditumizira kangachepe pa Khirisimasi, Mulungu amudalitse. Koma ubwino wa bwana ndi mwayi, uli ngati mvula, ukhoza kugwa kwa mnzako iwe n'kukudumpha. Penshoni ndilibe. Ndimadya za mwana wanga.

Mwana wangayo, mayi wa mdzukulu wondiwerengera uja, ali ku England. Anapita mu 2022, pamene dziko lija linatsegula zitseko kwa anthu osamalira okalamba, ndipo ana a kuno anakhamukirako ochuluka. Ali ndi dipuloma ya uphunzitsi, koma ntchito yake ndi kusambitsa nkhalamba, kuzidyetsa, kuzitembenuza pa bedi usiku. Nyumba yomwe akugwiramo ntchito akuti kale inali ya banja lolemera ngati la m'seweromo, ya masitepe aakulu ndi mawindo ataliatali, eni ake anaigulitsa kalekale atalephera kuisamala. Nkhalamba iliyonse ili ndi batani pafupi ndi bedi, ikadina belu limalira, iye n'kuthamanga. Atandiuza zimenezi ndinakhala chete pa foni mpaka anafunsa ngati netiweki yathawa. Agogo ake belu, mayi ake belu, iyenso belu, ulendo uno kwawo kwenikweni kwa mabelu. Kusiyana kwake n'koti iyeyu ali ndi kontirakiti, amalipidwa pa ola, tsiku lake lopuma ndi lake, ndipo akunena kuti akamaliza maphunziro a unamwino achoka. Ameneyo ndiye ndimafuna achinyamata amuone. Nkhalamba zake amazilemekeza, amazitchula maina awo bwinobwino, nazonso zaphunzira kutchula lake, lachichewa, ngakhale zimalipotoza.

Chaka chatha, podziwa kuti ndinalikonda seweroli, anatenga tsiku lake lopuma n'kupita ku Highclere Castle, ku Hampshire, nyumba yomwe ankajambulirako. Ndi ya banja la Carnarvon, ndipo masiku ena amatsegulira alendo olipira pakhomo, ndi momwe nyumba zoterezi zikudzisungira masiku ano. Ananditumizira zithunzi pa WhatsApp: chipinda cha mabuku, masitepe aja Lady Mary ankatsikirapo, kapinga wosalala ngati mphasa yatsopano. Ine ndinamuuza kuti zimenezo ndaziona kale pa kanema, atsikire pansi akandijambulire khitchini, ndione chitofu, ndione pomwe wophika ankaima, ndiyerekeze ndi pa bambo anga.

Anandiyankha madzulo ake kuti khitchini ya m'sewero kulibe kumeneko. Zonse za antchito ankajambulira kwina, mu situdiyo ya ku Ealing ku London, m'zipinda zomangidwira seweroli. Pansi pa nyumba yeniyeniyo anapezako chionetsero cha zinthu za ku Egypt, poti mmodzi wa makolo a banjalo ndi amene analipirira ntchito yofukula manda a mfumu Tutankhamun mu 1922. Ananditumizira chithunzi cha bokosi la maliro lopakidwa golide. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali, kenako ndinamuuza mdzukulu wanga kuti achisunge, ndidzawaonetse amayi a ku bungwe la maliro Lachinayi.

Ine wanu,
Mwana wa Mtchona,
Mabvuku, Harare